Kampani ya za nyukiliya ikapempha kufewetseredwa lamulo, amaunika ndani?

M'Malawi mulibe malo opangira magetsi a nyukiliya. Magetsi amene amayendetsa makina m'mafakitale a tiyi ku Thyolo ndi kuyatsa mababu pa Thekerani, ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Komabe za nyukiliya zinatifika kale, chifukwa dziko lino limakumba yureniyamu, yemwe ndi chakudya cha makina opangira magetsi amtunduwu. Choncho funso limene likuvutitsa maiko ena ndi lathunso: kampani yokhala ndi laisensi ikapempha kuti mfundo ina ya lamulo isaikhudze, ndani amaunika ngati madzi, nthaka ndi anthu zikhalebe bwino?

Zazing'ono zimene lamulo limazilekerera

Si chinthu chilichonse chotulutsa cheza cha nyukiliya chimene chimafunika chilolezo. Cheza chimene chalowa m'thupi la munthu chimayezedwa ndi muyeso wotchedwa microsievert. Pa chaka, munthu wamba amalandira ma microsievert pafupifupi 2,400 kuchokera m'nthaka, mumpweya, m'zakudya ndi kumwamba. Ngakhale nthochi, zomwe Thekerani inatchuka nazo, zili ndi mchere wa potaziyamu umene kachigawo kake kamatulutsa cheza: nthochi imodzi amaiwerengera pafupifupi 0.1, ndipo palibe amene anadwalapo nacho.

Bungwe loona za nyukiliya padziko lonse la IAEA, limene Malawi analowa mu 2006, limalangiza kuti ntchito yopatsa munthu cheza chosapitirira ma microsievert pafupifupi 10 pa chaka ikhoza kulekereredwa. Malire a cheza chowonjezera kwa munthu wamba ndi 1,000 pa chaka, pamene wogwira ntchito ndi zipangizozi malire ake ndi 20,000. N'chifukwa chake makina a X-ray kuchipatala salekereredwa. Wojambula amavala kabaji koyeza cheza pachifuwa, amaima kuseri kwa chotchinga cha mtovu, ndipo mayi amayamba wafunsidwa ngati ali woyembekezera.

Kufewetsera kampani yaikulu

Mtundu wachiwiri wa kufewetsa lamulo ndi wovutirapo. Laisensi ya malo opangira magetsi a nyukiliya ili ndi mfundo zambirimbiri: maola amene woyendetsa makina angagwire, mayeso amene ayenera kukhoza, kuchuluka kwa alonda, ndi m'mene anthu oyandikana nawo angasamutsidwire kutachitika ngozi. Nthawi zina mfundo ina siigwirizana ndi m'mene zinthu zilili, ndiye kampani imalemba kalata yopempha kuti aifewetsere.

Ku America, bungwe la Nuclear Regulatory Commission limalola pempho lotere ngati lamulo likuloleza, ngati moyo wa anthu suikidwa pachiswe, ngati chitetezo cha dziko sichisokonekera, komanso ngati pali chifukwa chapadera. Mu 2020, Covid-19 itavuta, makampani ena anaopa kuti antchito awo ambiri adwala nthawi imodzi. Malamulo amati woyendetsa makina asapitirire maola 72 pa masiku 7. Bungweli linalola makampani amene anapempha kufika maola 86, koma kwa masiku osapitirira 60, ndipo ofuna kuwonjezera ankapemphanso. Apa panali kuyeza ngozi ziwiri: munthu wotopa pa makina oopsa, kapena makina opanda munthu wodziwa.

Lamulo la dzikolo la zachilengedwe, limene linayamba kugwira ntchito mu 1970, ndilo linazika mwambo wounika. Pa mapempho ambiri akuluakulu, bungweli lakhala likulemba lipoti lalifupi lofotokoza chimene kampani ikufuna, chifukwa chake, chimene chingasinthe pa cheza, pa madzi otayidwa ndi pa zamoyo, komanso chimene chingachitike pempholo litakanidwa. Likapeza kuti palibe vuto lalikulu, limalengeza zimenezo m'gazeti ya boma ya Federal Register. Likaona vuto, pamafunika kafukufuku wathunthu. Phindu la njirayi n'lakuti chifukwa chimalembedwa, ndipo wosakhutira ali ndi poyambira kutsutsa.

Ku South Africa, komwe ana ambiri a ku Thyolo amapita kukasaka maganyu, kuli malo okhawo opangira magetsi a nyukiliya kum'mwera kwa Sahara, a Koeberg pafupi ndi Cape Town. Mu 2005 bwalo lalikulu kumeneko linathetsa chilolezo cha zachilengedwe chomangira makina atsopano pamalowo, chifukwa bungwe la Earthlife Africa silinapatsidwe mwayi wolankhulapo pa lipoti lomaliza. Oweruza sananene kuti makinawo ndi oipa. Chimene chinalakwika ndi kusamva anthu.

Phunziro la ku Kayelekera

Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu April 2009 ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo. Kampani ya ku Australia ya Paladin inali ndi magawo 85 pa 100, boma la Malawi magawo 15. Mgwirizano umene anasainirana mu February 2007 unafewetsa zambiri. Ndalama yolipira pa miyala yokumbidwa inatsika kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zitatu zoyamba, kenako 3. Msonkho wa phindu unatsika kuchoka pa 30 kufika pa 27.5 peresenti, ndipo boma linalonjeza kuti mfundozi sizisintha kwa zaka 10. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengetsa kuti dziko linataya ndalama zoposa madola 43 miliyoni a ku America m'zaka 6 chifukwa cha kufewetsaku ndi njira zina zochepetsera msonkho.

Kumbali ya chilengedwe, lipoti lounika linalembedwa monga lamulo la zachilengedwe la 1996 linkafunira. Koma panthawiyo Malawi analibe lamulo lapadera loona za cheza cha nyukiliya, ngakhale bungwe loima palokha loti liziyeza. Mabungwe monga Centre for Human Rights and Rehabilitation ndi Citizens for Justice anapita kukhothi mu 2007, ndipo nkhaniyo inathera pa kukambirana chaka chomwecho. Lamulo la Atomic Energy Act linadzabwera mu 2011, mgodi utayamba kale kutumiza yureniyamu kunja.

Chodetsa nkhawa pa mgodi wotere si ufa wachikasu wa yureniyamu umene umapakiridwa m'migolo n'kutumizidwa kunja. Pa tani imodzi ya miyala, yureniyamu wopezekamo ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Zina zonsezo zimatsala ngati thope m'dziwe lalikulu lotchingidwa ndi khoma, ndipo thopelo limasunga pafupifupi magawo 85 pa 100 a cheza chimene chinali m'miyala. Muli radium, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pakapita zaka 1,600, ndiponso mumatuluka mpweya wa radon umene umayambitsa khansa ya m'mapapo. Pafupi ndi mgodiwo pamadutsa mtsinje wa Sere, umene umathira mu North Rukuru, nawo n'kukathira m'nyanja ya Malawi. Msonkho wochepa Nyumba ya Malamulo ikhoza kudzaukonza, koma madzi akatayika saoleka.

Mgodi unaima mu 2014, mitengo ya yureniyamu itagwa pambuyo pa ngozi ya nyukiliya ya ku Fukushima ya mu 2011. Mu 2020 unagulidwa ndi Lotus Resources, yomwe inasainirana mgwirizano watsopano ndi boma mu July 2024 ndi kuyambanso kutulutsa yureniyamu mu 2025. Ulendo uno alonda a boma alipo awiri. Bungwe la Malawi Environment Protection Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, limaunika m'mene ntchito ikhudzire chilengedwe ndi anthu. Bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority limapereka zilolezo za chilichonse chotulutsa cheza, kuyambira makina a kuchipatala mpaka mgodi.

Chifukwa chake a ku Thekerani atchere khutu

Karonga ndi kutali, koma Phalombe ndi pafupi. Ku phiri la Songwe kumeneko, kampani ya Mkango Resources ikukonzekera kukumba miyala ya rare earth, ndipo lipoti lake lounika chilengedwe linavomerezedwa mu 2023. Miyala yamtunduwu kawirikawiri imakhala ndi thorium ndi yureniyamu pang'ono, moti zotsala zake zimafuna diso. Makampani ena akhala akufufuzanso miyala pamwamba pa phiri la Mulanje, komwe kumachokera Ruo, mtsinje umene umadutsa kumunsi kwa Thekerani, n'kugwa pa mathithi a Zoa, usanakumane ndi Shire ku Chiromo.

Ndiponso dera lino likudziwa mvula. Namondwe Ana anagumula damu la Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130. Namondwe Freddy mu March 2023 anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri n'kupha anthu oposa 1,000 m'chigawo chakum'mwera. Khoma la dziwe la zotsala za mumgodi lomangidwa potengera mvula ya makedzana silingadaliridwe lero. Kampani ikapempha kuchepetsa kuyeza madzi, kuchedwetsa ndalama yokonzera malo mgodi ukadzatha, kapena kutaya madzi mumtsinje nthawi ya dzinja, pempholo liunikidwe mwatsopano, osatsamira lipoti lakale.

Lamulo la 2017 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala m'malo aukhondo ndi osawononga thanzi, limapereka mwayi wopeza uthenga wa zachilengedwe, ndipo limalola munthu kukadandaula kukhothi. Choncho msonkhano wa kampani ukaitanidwa kwa amfumu kapena kukhonsolo, musakhutire ndi malonjezo a mjigo ndi midadada ya sukulu. Funsani mfundo za lamulo zimene kampani yafewetseredwa, kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo wavomereza ndani. Funsani amene aziyeza madzi, ngati ndi wa boma kapena wa kampani yomweyo, ndi kumene zotsatira zizipachikidwa. Pemphani kuti chidule cha lipotilo chimasuliridwe m'chinenero chimene mumamva, ndipo mayankho alembedwe musanasaine pepala lililonse.