Nkhata ndi Chingwe: Kuzungulira Kuli Pawiri

Pa tchuthi chapitachi ndili kwathu ku Machinjiri, mlongo wanga wa Fomu 4 anandifunsa kusiyana kwa mau awiri a Chingerezi, spiral ndi helix. Iye anangowaloweza onse kuti ndi "chinthu chozungulira". Komatu tayala la njinga nalonso ndi lozungulira! Yankho lotere pa mayeso silibala malikisi.

Yankho tinalipeza pakhomo pomwepo. Amayi popita kukatunga madzi amatenga nsalu, naipinda kuyambira pakati, mzere uliwonse kukuta unzake ndi kumka nukula. Imeneyo ndi nkhata, ndipo Azungu akati spiral akunena maonekedwe amenewa: kuzungulira kochoka pakati kumka kunja, zonse zitagona pansi. Koyilo yothamangitsira udzudzu ndi yotero. Bongololo ukamkhudza amadzikulunga momwemonso. Ife a kuseminale chitsanzo timachiona pa Misa ya Ukulu: kumutu kwa ndodo ya Ambuye Episkopi nthawi zambiri kumakhala kopindika ngati nkhata. Mauwo anachokera ku Chilatini, spira, kutanthauza chinthu chokulungidwa, monga chingwe kapena njoka.

Helix ndi mau a Chigriki, ndipo kuzungulira kwake nkwina. Apa mzere sukula ayi, koma umakwera. Taonani m'mene nyemba zimayangira pa phesi la chimanga: zimazinga phesilo, kuzungulira kulikonse kofanana ndi kunzake, koma pamwamba pake. Mazinga a bawuti ndi otero, sipuling'i ya pansi pa chishalo cha njinga chimodzimodzi. Ku Roma, m'tchalitchi cha Petulo Woyera, guwa lalikulu lili pakati pa nsanamira zinayi zamkuwa zopotoka chonchi, zimene Bernini anamaliza mu 1634.

Chichewa chilibe dzina limodzi la maonekedwe awa, ndipo ena amati kumeneko nkusauka kwa chinenero. Ine sindivomereza. Ife timanena ndi aneni: kukulunga, kuzinga, kuyanga, kupota. Mneni amakuuza m'mene chinthucho chinapangikira, pamene dzina la Chingerezi limangokuuza m'mene chikuonekera.

Mneni kupota ndi amene anathandiza mlongo wanga kwambiri. Agogo popota chingwe cha khonje pa ntchafu amatenga tizingwe tiwiri, kalikonse kuzinga kanzake. Mu 1953 James Watson ndi Francis Crick, mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray zochokera ku ntchito ya Rosalind Franklin, anaonetsa kuti DNA, imene imasunga chibadwa chathu m'maselo a thupi, ili ndi tizingwe tiwiri topotana. Nchifukwa chake mabuku amati double helix. Kusiyana kwake nkwakuti tizingwe ta DNA timalumikizana ndi timipiringidzo pakati, ngati makwerero amene munthu wawapota. Selo ikafuna kugawikana, tizingweto timapotoloka, kalikonse nkukhala chikombole cha kanzake katsopano.

Zilipo zina zokana kulowa mbali imodzi. Chigoba cha nkhono chimakula uku chikukwera, ndiye kuti ndi nkhata ndi chingwe pamodzi. Kamvulumvulu wa mu Okutobala, uja amanyamula fumbi ndi mapepala pa msika, nayenso amayamba wochepa pansi nkumatambasuka kumwamba. Mlongo wanga anafunsa kuti nanga nyanga za ngoma, nyama ija ya ku Lengwe, zili mbali iti. Tinatsutsana mpaka amayi anatiitana kuti nsima ikuzizira.