Linga la Azungu pa Mlangeni

Wapaulendo akakwera basi pa Manjawira kulowera ku Dedza, amadutsa pa Boma la Ntcheu, nakwera zitunda za Biriwiri, kenaka nafika pa Mlangeni, pomwe msewu uyenda motsata malire a Malawi ndi Mozambique. Ambiri amangosuzumira pa zenera kuona mbatata ya kachewere ndi kabichi. Ndi owerengeka amene amadziwa kuti pa mapu akale a Atsamunda malowa ankalembedwa kuti Fort Mlangeni, ndiko kunena kuti linga la asilikali.

Chiyambi cha lingali chili pa imfa ya mfumu. M'chaka cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire, ndipo mzere umene adalembawo udadula pakati dziko la Angoni a Maseko, eni ake osafunsidwa. Posakhalitsa kudabwera msonkho wa nyumba wa mashiling'i atatu. Anthu adayamba kutsikira ku minda ya Azungu ku Blantyre ndi ku Zomba kukafuna ndalamazo, ena nakabisala m'mphepete mwa mishoni ya Zambezi Industrial Mission pa Dombole. Kwa Inkosi Gomani, mwana wa Chikuse, uku kudali kulandidwa anthu dzuwa likuswa mtengo, pakuti mphamvu ya mfumu ya Chingoni idali pa kuchuluka kwa anthu ake. Mu Okutobala 1896 ankhondo ake adathira nkhondo midzi ya pafupi ndi mishoniyo.

Boma la ku Zomba silidazengereze. Lidatumiza Captain Stewart ndi asilikali, ena Asiki ochokera ku India, ena amuna akuda a m'dziko momwe muno. Chishango cha chikopa sichikadalimbana ndi mfuti zawo. Gomani adagwidwa, naomberedwa mwezi womwewo. Akuluakulu a Chingoni amasimba kuti iye adakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo, ndipo adasankha kufera pomwepo. Manda ake ali kufupi ndi Dombole, ndipo amasungidwa ngati chikumbutso cha fuko.

Nkhondo itatha, asilikali sadabwerere onse kwawo. Boma lidawakhazika m'dziko la Angoni, ndipo Mlangeni adasanduka malo awo. Mabuku a Atsamunda amakonda kunena kuti malinga otere adabweretsa mtendere. Nzoona kuti nkhondo zolanda anthu zidaleka. Izi palibe angatsutse. Koma wophunzira wa maso aone pomwe lingali lidakhala: pa msana wa phiri, pakati pa midzi ya Angoni, pa mphuno penipeni pa malire a Apwitikizi. Msilikali wa pamenepo ankayang'ana mbali ziwiri, kuti Mpwitikizi asalumphe mzere, ndiponso kuti Mngoni asatolenso nthungo kapena kuthawa msonkho. Mwa ntchito ziwirizi, yachiwiri ndiyo idali ya tsiku ndi tsiku.

Malinga ambiri a nthawi imeneyo adatchedwa maina a Azungu, ndipo dziko litalandira ufulu mainawo adafufutidwa: Fort Johnston idakhala Mangochi, Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa. Pa Mlangeni padalibe dzina la Mzungu loti lichotsedwe. Mwina nchifukwa chake lingali lidaiwalika msanga kuposa anzake.

Ufumu umene lingali lidaikidwa kuti liupondereze sudafe. Mwana wa mfumu yophedwayo, Philip Gomani, adakhala pa mpando ku Lizulu, mtunda waufupi chabe kuchokera pa Mlangeni. M'chaka cha 1953 iye adakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a Boma. Atsamunda adamuchotsa pa ufumu, ndipo adamwalira m'chaka chotsatira cha 1954.