Mapu ndi Makina a GPS pa Ntchito ya Ulangizi

Mapu ndi chithunzi cha dziko chochepetsedwa motsata muyeso wotchedwa sikelo. Pa mapu a sikelo ya 1:50,000, amene amapezeka m'maofesi ambiri a zaulimi ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, sentimita imodzi imaimira mamita 500. Mizere yowongoka yopingasana imagawa mapuwa m'timabwalo, ndipo kabwalo kalikonse ndi mahekitala 100. Motero munda wa theka la hekitala sukwana ngakhale mamilimita awiri papepala. Mapu otere amathandiza poona madambo, mitsinje ndi kutsetsereka kwa malo, koma sangathetse mkangano wa malire a minda.

Malo alionse ali ndi manambala awiri, ina yosonyeza kum'mawa, ina kumpoto. Makina a GPS amapeza manambalawa pomvera ma satellite. Kufikira mu May 2000, boma la United States linkasokoneza dala zizindikirozo, kotero kuti makina ankatha kuphonya ndi mamita 100. Lero, pamtetete, amaphonya ndi mamita ochepa chabe.

Vuto limene limasocheretsa alangizi ambiri lagona pa maziko a muyeso. Dziko lapansi silozungulira ndendende ngati mpira, choncho akatswiri oyeza malo amayamba agwirizana za kukula ndi maonekedwe ake asanalembe nambala iliyonse. Mapu ambiri akale a maiko atatuwa anajambulidwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene GPS, kuphatikizapo ya m'mafoni, imatsata WGS 84. Malo amodzimodziwo amakhala ndi manambala awiri osiyana, ndipo pa mizere ya mapu kusiyanako kumafika mamita pafupifupi 300, makamaka kuchoka kumpoto kupita kumwera. Papepala ndi mamilimita 6 okha, n'chifukwa chake ambiri sakuona. Kumunda, mtunda umenewu ndi wokwanira kusamutsa munda wachitsanzo kuuchotsa kumtunda n'kuuika m'dambo. Zikatero, zokolola zimawerengedwa ngati za dothi lina, ndipo malangizo a feteleza ochokera pamenepo amakafika kwa alimi ali olakwika.

Asanapite kumunda, mlangizi awerenge m'mphepete mwa mapu, pamene pamalembedwa dzina la mazikowo, n'kutchera makina ake kuti agwirizane nawo. Ndi bwino kuyamba wayesa pamalo odziwika, monga pamlatho kapena pamphambano, ndi kuona ngati manambala akufanana. Potumiza manambala kumalo a kafukufuku, alembe pambali pake dzina la maziko, tsiku, mudzi ndi mfumu ya deralo.