MANKHWALA A MAKOSWE AZIIKIDWA M'KABOKOSI

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, makoswe nawonso amalowa. Anthu ambili amagula mankhwala pamsika, kusakaniza ndi nsima kapena kapenta, ndi kusiya pa mbale kuseli kwa citseko. Pamenepo nkhuku, galu ndi mwana wokwawa amafika msanga kuposa khoswe.

Njila yabwino ndi kuika nyamboyo m'kabokosi kotseka, kokhala ndi ziboo ziwili zoti khoswe alowe ndi kutuluka koma dzanja la mwana lisafike pa mankhwala. Mabokosi otele amagulitsidwa, koma paipi yaitali ngati mkono kapena mphika wakale wovundikila, woboola m'mbali, ungagwilenso nchito. Tsindikani mwala wolema pamwamba.

Khoswe sakonda kuyenda poyela, amatsata cipupa. Conco ikani kabokosi m'mbali mwa cipupa, kunsi kwa nkhokwe kapena pomwe mwaona zitosi zake. Musakasunthe-sunthe. Khoswe amaopa cinthu cacilendo ndipo angathe masiku angapo asanalawe. Unjilanji wa gaga ndi zotsala za cakudya ucotsedwe, cifukwa khoswe wokhuta sayang'ana nyambo.

Mankhwala ambili a masiku ano, monga brodifacoum, amaletsa magazi kuundana. Khoswe safela pomwepo, amafa patapita masiku atatu mpaka sabata. Musaganize kuti munagula zabodza. Onjezelani nyambo ikatha. Mwana akadya mankhwalawa nayenso angaoneke bwino tsiku loyamba. Musadikile kuti magazi ayambe kutuluka m'mphuno kapena m'nkhama. Thamangilani naye kucipatala, mutanyamula pepala la mankhwalawo, pakuti mankhwala ake alipo, vitamini K1.

Kuno kum'mawa mbewa ndi ndiwo, ndipo nkhani imavutila pamenepa. Mbewa yodya nyambo imayendabe masiku angapo ili ndi poizoni m'thupi. Anyamata asakumbe mbewa pafupi ndi pamene paikidwa mankhwala, ndipo yopezeka yakufa kale isadyedwe.

Makoswe akufa musawagwile ndi manja. Valani pulasitiki, akwilileni m'dzenje lakuya kuti agalu ndi amphaka asawafukule.

Nthata za makoswe ndizo zimafalitsa mlili wa makoswe, umene unagwa m'boma la Nyimba mu 2015. Khoswe akafa, nthata zimamusiya ndi kufuna munthu. Mukaona makoswe akufa okha musanaike mankhwala, kapena wina watupa m'khwapa kapena m'mphechepeche ndi kutentha thupi, musayambe kupha makoswe. Dziwitsani a zaumoyo kuti ayambe apha nthata.