Ola Limodzi Mumlengalenga Musanagulitse Munda

Sukulu zambiri zophunzitsa kuyendetsa ndege, ku South Africa, ku Britain, ku America ndi kwina, zili ndi phunziro limodzi limene munthu angalipire palokha asanalembetse maphunziro onse. Limatenga mphindi 30 mpaka 60. Mlendo amene sanakhudzepo ndege chibadwire amamukhazika kumpando wakumanzere, womwe ndi wa woyendetsa, mphunzitsi n'kukhala kumanja, ndipo akafika m'mwamba amamusiyira chiwongolero. Ambiri amaliona phunziroli ngati chibwana cha anthu opeza bwino, mphatso ya tsiku lobadwa, mwayi wojambulitsa zoika pa Facebook. Kuganiza choncho n'kulipeputsa. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene mtima wake uli pa ntchito imeneyi, komanso kwa makolo amene akulingalira zogulitsa munda kapena kukongola ndalama kuti mwana akaphunzire kunja, ola limeneli ndiwo mayeso otsika mtengo kuposa ena onse, ndipo banja limene lawalumpha likutchova juga ndi chuma chake.

Tiyambe ndi masamu, poti ndi amene amasowetsa tulo makolo. Laisensi yoyamba, yongoyendetsera ndege popanda kulipidwa, imafuna maola osachepera 40 mumlengalenga ku America, ndipo ku South Africa imafuna 45. Amenewo ndi maola a pa pepala. Ophunzira ambiri amapitirira, moti ku America si zachilendo kufika pa 60 kapena 70 munthu asanakhoze. Laisensi yogwirira ntchito imafuna maola 200 ku South Africa ndi 250 ku America, ndipo ola lililonse lili ndi mtengo wake wa ndege, mafuta ndi mphunzitsi. Bungwe la eni ndege ndi oyendetsa ndege la ku America, AOPA, lakhala likunena kuti mwa ophunzira 100 alionse oyamba maphunzirowa, pakati pa 70 ndi 80 amalekera panjira asanatenge laisensi. Ena ndalama zimawathera, ena amakhumudwa ndi aphunzitsi, koma alipo amene amazindikira mochedwa kuti chimene ankachikonda chinali yunifolomu, osati ntchito. Amenewa akanadziwa msanga, pa mtengo wa ola limodzi.

Chimene phunziroli limaulula chimayambira pansi, injini isanalire. Ndege imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi Cessna 172, ya mipando inayi ndi injini imodzi, imene inayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo zopangidwa zaposa 44,000, chiwerengero chomwe palibe ndege ina inachifikapo. Mphunzitsi amamuyendetsa mlendoyo kuzungulira ndegeyo pang'onopang'ono. Amagwedeza mbali zoyenda za mapiko ndi za kumchira, amayang'ana matayala, amasisita pulopela ndi dzanja kufufuza ming'alu, amayeza oilo. Kenako amatenga kabotolo koonekera mkati, n'kukankhira pa kabowo ka pansi pa phiko, mafuta n'kutsikiramo. Mafuta a ndege zoterezi amawathira mtundu wa buluu, ndipo ngati m'thanki mwalowa madzi amaoneka ngati timadontho toyera tokhazikika pansi pa kabotoloko. Akalowa mkati amatulutsa khadi lokhala ndi mndandanda wa zoyenera kuona, n'kumawerenga mzere ndi mzere, ngakhale atakhala kuti ndege yomweyo wauluka nayo kambirimbiri. Mwambo wa mndandandawu unabadwa ndi maliro. Pa 30 Okutobala 1935, ndege yatsopano ya Boeing yotchedwa Model 299 inagwa itangonyamuka ku Dayton, m'chigawo cha Ohio, chifukwa oyendetsa, akatswiri enieni, anaiwala kumasula loko wa ziwongolero. Mlendo amene zonsezi zikumutopetsa, amene akungoponda pansi kufuna kuti anyamuke msanga, wadziwa kale kanthu kena kokhudza iye mwini, chifukwa gawo lalikulu la ntchito ya woyendetsa ndege ndi lomweli.

Ndege ikayamba kuyenda pansi, chodabwitsa choyamba n'chakuti chiwongolero chilibe ntchito yokhotetsa. Amakhotetsa ndi mapazi, pa zopondera ziwiri zimene kumtunda kwake kuli mabuleki, ndipo amene anazolowera galimoto amapezeka akupotokola chiwongolero pachabe ndege ikulowera kumene ikufuna. Pa msewu wonyamukira mphunzitsi amakankha kachitsulo ka moto mpaka kumapeto, liwiro likafika pafupifupi makilomita 100 pa ola amakoka chiwongolero pang'ono, nthaka n'kuyamba kutsalira. Akakwera ndithu, amanena momveka kuti ndege ili m'manja mwa wophunzira, wophunzira n'kubwereza mawuwo, kuti pasakhale mphindi imene aliyense akuyesa kuti wagwira ndi mnzake. Apa pafupifupi aliyense amalakwa mofanana: amafinya chiwongolero ndi manja onse awiri, maso ali tong'o pa mawotchi a kutsogolo, ndege n'kumakwera ndi kutsika chifukwa cha kulimbana kwake komweko. Mphunzitsi amamuuza kuti agwire ndi zala zitatu zokha ndipo ayang'ane kunja, kumene thambo lakumana ndi dziko. Ndege yophunzirira anaipanga kuti izikhazikika yokha. Ukaisiya bwino imauluka mowongoka kuposa mmene woyamba kumene angaiwongolere. Pokhota imapendekeka ngati njinga pa kona, ndipo thupi limafuna kukana, kuweramira kwina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mphunzitsi wodziwa ntchito sayang'ana kulimba mtima kwa mlendoyo ayi, amayang'ana ngati akumva zomwe wauzidwa n'kusintha.

Thupi nalo limayankha mafunso amene buku silingayankhe. M'kandege kotere muli phokoso lofuna mahedifoni, mumatentha dzuwa likakwera, mapewa a anthu awiri amagundana, ndipo masana mpweya wotentha wokwera kuchokera pansi umakagwedeza. Ena amachita nseru. Pa wailesi pamamveka Chingerezi chothamanga, chodzaza manambala, chimene woyendetsa aliyense wodutsa malire a mayiko ayenera kuchidziwa pa mlingo umene bungwe loona za ndege pa dziko lonse la ICAO linaika. Ngakhale dera limene sukulu ili lili ndi mbali yake. Mabwalo a ku Johannesburg, kumene Amalawi ndi anthu a ku Zambia ena amakaphunzira, ali pamalo okwera mamita oposa 1,300 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita oposa 1,200. Pamalo okwera chotero mpweya ndi wopepuka, makamaka kukatentha, choncho injini imachepa mphamvu ndipo ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke. N'chifukwa chake musadabwe kapena kukhumudwa akakufunsani kulemera kwanu pokonza tsiku. Si chipongwe, ndi masamu.

Chotsutsa chachikulu ndi mantha, ndipo sindiwapeputsa. M'Malawi muno mawu akuti ndege yaing'ono amakumbutsa tsiku la 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali ya Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Kholo limene likukana kuti mwana wake akwere kandege ka injini imodzi silikuchita zopusa. Choonadi n'chakuti ndege zing'onozing'ono zimachita ngozi kawirikawiri kuposa zikuluzikulu zonyamula anthu, ndipo wokuuzani kuti n'chimodzimodzi akukunamizani. Koma tione kumene ngozizo zimachokera. Zambiri zimayamba ndi chiganizo cha munthu: kulowa m'mitambo alibe maphunziro oyendera zida zokha, kutha mafuta, kuulukira m'munsi modzionetsera. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Illinois mu 1954 anayesa oyendetsa 20 amene sanaphunzire kuuluka osaona kunja. Atawatchinga kuti asaone kunja, onse analephera kuigwira ndege, ndipo pa avereji zinangotenga masekondi 178. Phunziro loyamba limapewa zonsezi mwadala. Limachitika masana, kunja kuli bwino, pafupi ndi bwalo, ndipo nyengo ikakayikitsa amalisuntha tsiku. Mphunzitsi ali ndi chiwongolero ndi zopondera zakezake. Ziwerengero za ku America zimaonetsa kuti maulendo ophunzitsira amachita ngozi zakupha zochepa poyerekeza ndi a anthu ongouluka paokha.

Nanga injini ikazima? Funsoli aliyense amakhala nalo, ngakhale amene akuchita manyazi kulifunsa. Injini ya ndege zimenezi ili ndi mapulagi awiri pa silinda iliyonse, oyatsidwa ndi zida ziwiri zosadalirana komanso zosadalira batire, ndipo zonse amaziyesa asananyamuke. Ikazimabe, ndege siigwa ngati mwala, chifukwa chimene chimainyamula ndi mapiko odutsa mumpweya, osati injini. Cessna 172 imatsetsereka pafupifupi mamita 9 kutsogolo pa mita imodzi iliyonse imene yatsika, kutanthauza kuti kuchokera pa mamita 1,000 m'mwamba ikhoza kufika makilomita pafupifupi 9, nthawi yokwanira kusankha bwalo kapena munda wosalala. Wophunzira aliyense amazibwereza zimenezi asanapatsidwe laisensi.

Ena amati kompyuta yakwana: masiku ano mwana akhoza kuulutsa ndege pa sikirini kunyumba. Zoonadi amaphunzirapo mayina a zida, koma kompyuta siikanikiza munthu pa mpando ndege ikamakhota, siibweretsa nseru, ndipo imazoloweretsa maso kuyang'ana mkati, chizolowezi chimene aphunzitsi amavutika kuchichotsa. Chotsutsa cholemera kuposa chimenechi n'chakuti ola limodzi silingaweruze munthu, komanso kuti sukulu zimagwiritsa ntchito phunziroli ngati nyambo. Zonse ziwiri n'zoona ndithu. Amene wasanza tsiku loyamba sanalephere, poti nseru imatha thupi likazolowera, ndipo amene watsika akumwetulira sanatsimikize kuti adzapirira mayeso olemba a zanyengo, malamulo ndi kayendedwe. Sukulu nayo imasankha m'mawa wabata ndi mphunzitsi wansangala, n'kuyamikira mlendo aliyense kuti ali ndi mphatso. Komatu nyamboyo ili ndi mbali ziwiri. Pa ola lomwelo mlendo naye akuiyesa sukuluyo: kodi mphunzitsi anafotokoza zochitika asananyamuke kapena anangothamangira kuyatsa injini, kodi mndandanda uja unawerengedwa kapena unangogwiridwa m'manja, kodi akukakamiza kuti ndalama za maphunziro onse ziperekedwe pamodzi? Sukulu zoyendetsa ndege zimagwa ngati bizinesi ina iliyonse, ndipo zikagwa ndalama zolipiriratu sizibwerera mosavuta. Banja limene likutumiza mwana kutali lili ndi chifukwa chokwanira choyesera sukulu ziwiri lisanasankhe.

Otsala ndi amene amati zimenezi si za ife. Bessie Coleman, mayi wakuda wa ku America, sukulu za kwawo zitamukana anaphunzira Chifalansa n'kukatenga laisensi yake ku France mu 1921. Kuno kwathu Yolanda Kaunda anafika pokhala mayi woyamba wa ku Malawi kukhala kaputeni wa ndege. Chimene chimatsekereza ambiri si nzeru koma khomo, ndipo mayiko ena anazindikira zimenezi: pulogalamu ya Young Eagles ya ku America, imene inayamba mu 1992, yaulutsa ulere ana oposa 2 miliyoni a zaka 8 mpaka 17, oyendetsa odzipereka akulipira okha mafuta. Eni ndege zing'onozing'ono m'mayiko athu ano atati atengereko, ngakhale kwa ana ochepa a sekondale pa chaka, angachite chinthu chachikulu.

Inu amene mukufuna kuyesa, phunziro loyambali silifuna chiphaso cha dokotala, koma musanalipire lachiwiri kaonaneni ndi dokotala wovomerezeka wa oyendetsa ndege. Magalasi a maso saletsa munthu, koma vuto losiyanitsa mitundu kapena matenda ena a mtima akhoza kutseka njira ya ntchito, ndipo ndi bwino kudziwa ndalama zikadali m'thumba. Sankhani nthawi ya m'mawa, idyani pang'ono, ndipo onetsetsani kuti amene akukuulutsani ndi mphunzitsi wa laisensi pa sukulu yovomerezeka. Mukatera, m'pempheni alembe ulendowo m'buku la maola n'kusainira, chifukwa m'mayiko ambiri ola limenelo limawerengedwa pa maola 40 kapena 45 aja.