Manja onyamula miyala adabwerera pa piyano

Aliyense wodula nzimbe ku Dwangwa amadziwa mmene ntchito yakalavulagaga imaonongera manja: zikhatho zimakhakhala, zala n'kuuma gwa. Nanga zikamugwera woimba piyano, amene chuma chake chonse ndi zala khumi?

Zidamugwera György Cziffra wa ku Hungary. Mkuluyu adabadwira mu umphawi wadzaoneni mumzinda wa Budapest mu 1921, ndipo ali ndi zaka zisanu n'kuti akuimba kale piyano pagulu la zisudzo loyendayenda.

Mu 1950 adamugwira akufuna kuthawa boma la chikomyunizimu. Adakhala m'ndende zaka zitatu akusenza miyala yolemera mpaka mkono kuvulala. Atatuluka adayambiranso kuimba, atamanga kachikopa pamkonopo. Mu 1956 adathawira ku Vienna ndi banja lake, kenako ku Paris, komwe anthu adagwira pakamwa poona liwiro la zala zake panyimbo za Franz Liszt.

Komatu chidamuthyola mtima si ndende ayi. Mu 1981 mwana wake wamwamuna, yemwe ankatsogolera gulu la oimba bambo akewo akamaliza piyano, adamwalira moto utabuka m'nyumba. Cziffra sadaimbenso ndi gulu lotere mpaka imfa yake mu 1994.