Duwa la Larkspur: Lokongola Koma Laululu

Munthu wokwera pa Nyika, phiri la m'malire a Zambia ndi Malawi lotalika mamita oposa 2,000, amapeza kumapeto kwa dzinja maluwa a larkspur, amene akatswiri amawachula Delphinium. Ena ngobiriwira ngati thambo. Ena ngoyera, ndipo madzulo amanunkhira kuitana agulugufe a usiku. Kumbuyo kwa duwa liri lonse kuli kamcira kosunga timadzi totsekemera.

Mitundu yina ya duwali yathandiza anthu kuyambira kale. Ku Iran ndi ku Afghanistan amaphika maluwa acikasu ochedwa zalil, napeza utoto wonyikamo nsalu za silika. Ku Ulaya makolo ankasinja njere za mtundu wina kuti aphere nsabwe za m'mutu.

Koma cimene cipha nsabwe cingaphenso mwana. M'masamba ndi m'njere muli ululu umene umafooketsa thupi kufikira kupuma kukanika. Ku America ng'ombe zambiri zimafa nao. Cotero wobzala duwali pakhomo, ku Matero kapena ku Kalingalinga, abise njere kutali ndi ana, acinge mbuzi, ndipo asayese konse kulimwa ngati mankhwala.